Buku la Mzukwa la a Nambewe

Amene anayamba kundiuza za imfa ya a Nambewe ndi achemwali anga a Rozina. Anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa ndikuchapa, nati, "Aginesi, mayi ako a mabuku aja atisiya." Ndinakhala pansi pomwepo, manja ali thovu lokhalokha, ndipo ndinayamba ndathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo, kulira kunabwera pambuyo.

A Nambewe sanali abale athu. Tinkangoyandikana nyumba kwathu kufupi ndi Thambani. Anali mayi wamasiye, wogulitsa zitumbuwa pamsika. Maliro atatha, mwana wawo Lusiya anandipatsa mabuku atatu okulunga m'chitenje chakale, nati amayi ananena kuti awa ndi anu. Nditangomasula ndinamva fungo lomwe lija la pakhonde pawo, fungo la mafuta okazingira, nthochi zakupsa kwambiri ndi utsi wa zitsononkho.

Mabukuwo ankachokera ku Blantyre. Mwana wawo wamkulu ankasesa pasukulu ina kumeneko, ndiye mabuku akale akatayidwa ankawatola n'kuwatumiza m'katoni kuti amayi ake azikulungira zitumbuwa. Anali a Chingerezi, ang'onoang'ono, a nkhani zoopsa zolembera achinyamata. Pachikuto unkaona mtsikana atatong'ola maso, mwina dzanja likutuluka m'nthaka.

Tsiku lina ndili Sitandade 7 ndinagula chitumbuwa, nditadya n'kuyamba kuwerenga pepala lake. Linathera pamene mtsikana wina ankatsegula chitseko. Ndinabwerera kukapempha pepala lotsatira.

"Iwe, chitumbuwa wadya, ukufuna udyenso pepala?" anatero a Nambewe.

"Ayi amayi, ndikufuna ndidziwe chimene chinali kuseri kwa chitseko."

Analitembenuza pepalalo uku ndi uku. "Muli chitseko m'menemu?"

Iwo sukulu sanapiteko. Kuyambira pamenepo ndikaweruka ndinkakhala pakhonde pawo, iwo akukanya mgaiwa ndi nthochi m'beseni, mafuta akulira pamoto, ine ndikuwerenga n'kumawamasulira. Mawu ondivuta ndinkangowalumpha. Anthu a m'bukumo ankawakalipira ngati ana awo: "Usalowemo iwe! Ana a kunjawa samva." Anaika lamulo loti buku lisang'ambidwe tisanalimalize. Tikamaliza ankayamba kung'amba chakumapeto, ati kumeneko n'kumene mapepala amathothoka bwino.

Ine ndi amene ndinawabweretsera mavuto. Buku lina ndinalikonda kwambiri, moti ngakhale anali atayamba kale kuling'amba ndinapita nalo kwathu kuti ndikabwereze. Amayi anga analipeza pansi pa mphasa. Pachikuto panali nkhope yoyera mbee, yopanda maso, itasuzumira pawindo. Amayi anali munthu wamapemphero, ndipo anachita mantha enieni. Sanandifunse kanthu, anangolitengera kwa a Chimwaza, mkulu wa mpingo. Sabata isanathe mudzi wonse unkanong'ona kuti a Nambewe akuphunzitsa ana ufiti. Zitumbuwa zinayamba kubwerera kunyumba beseni lodzaza. Kwathu mayi wamasiye akapatsidwa dzina limenelo, chotsatira ndi miyala padenga ndi kusamutsidwa.

Loweruka masana anthu anasonkhana pansi pa mango a patchalitchi. A Chimwaza anaika bukulo pabenchi, pambali pake machesi. A Nambewe anafika atavala chitenje chawo chabwino, sanagwade mwamantha, anangokhala pansi n'kupereka moni kwa aliyense.

"Abambo, kuwotcha muwotcha," anatero. "Koma mwalimva zimene likunena? Ine ndinalimva lonse. Mwanayu aliwerenge, inu Chingerezi mumachidziwa, muziona ngati akunama."

A Chimwaza anavomera, nadzaima kumbuyo kwanga, chala chawo chikutsata mizere. Ndinapemphera mumtima kuti Ambuye mundigwire lilime, ndipo ndinayamba. Nkhaniyo inali ya mtsikana wanzeru m'kalasi amene mzukwa unkamuopseza pawindo kuti asiye sukulu. Ndinkadumpha mwina n'kufotokoza mwachidule. Pasanapite nthawi amayi amene anabwera atakwinya nkhope anali atasendera pafupi. Wina anafuula, "Nanga makolo ake ali kuti mwanayu?" Anzake anamuletsa kuti akusokoneza.

Kenako mapepala anatha. Ndinanena kuti kumapeto kwake mzukwawo sunali mzukwa, anali mnzake wa m'kalasi wanjiru amene ankadzipaka zoyera kumaso.

"Zimenezo sindikuziona apa," anatero a Chimwaza. "Tidziwa bwanji kuti sukuwapulumutsa?"

A Nambewe ndiwo anayankha: "Mapeto akewo munagula nokha. Ndinakukulungirani zitumbuwa."

Ndiye ndinaona amayi anga akudzuka, osayang'ana munthu, n'kulunjika kunyumba. Iwo pepala la chitumbuwa sankataya, ankasungiramo mbewu za mpiru ndi za maungu n'kutsomeka kudenga. Anabwera ndi timapukusi tinayi, nakhuthulira mbewu m'nsonga ya chitenje chawo, n'kundipatsa mapepalawo. Amayi ena ataona choncho anathamanganso. Wina anali atamata pepala lake pamng'ankha wa chitseko, wina anachita kulanda kwa amuna ake asanapichiremo fodya. Tinawayala pabenchi n'kumasanja potsata manambala a m'munsi. Ambiri anali a mabuku ena, koma atatu anali a buku lomwe lija, odontha mafuta, ndipo limodzi linali pomwe mtsikana uja anagwira mnzakeyo ali ndi chitini cha zopakazo m'manja.

Ndinawerenga mokweza. A Chimwaza anatsata ndi chala mpaka pansi, nati, "Mwanayu wawerenga zoona." Anatola machesi n'kuika m'thumba. Mayi wina anaseka nati, "Ndiye ukanakhala ufiti, bwenzi tonse tili nawo kudenga!" Amayi anga sanaseke. Anapita kukagwada pamaso pa a Nambewe, anthu onse akuona, nati, "Ndinakulakwirani, anzanga." A Nambewe anawagwira dzanja. "Dzukani, munkateteza mwana. Koma mawa mudzagule ziwiri."

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma tsiku limenelo ndinaima pamaso pa mudzi wonse n'kuwerenga Chingerezi, ndipo mayi wosalakwa anagona m'nyumba mwake. Sindidzitama, ndi Ambuye anachita, koma ndikakumbukira mtima umadzaza. Masiku ano ndimawerenga Mawu kutsogolo kutchalitchi kuno ku Boma popanda mantha, ndipo ndikamva anthu akunong'ona za mnzawo ndimafunsa kuti mwiniwakeyo mwamumva kale?

Sabata ino ndayesa kubwereza limodzi la mabuku aja. Chingerezi chinandithawa, ndiye akundithandiza ndi mwana wanga wa Fomu 3. Akuti si zoopsa n'komwe, koma dzulo anapsereza ndiwo ali nalo m'manja.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Pamaliro ndinamva mtsikana wina akufunsa mnzake ngati agogowa si aja ankanenedwa kale. Mabodza aja anthu akuwakumbukirabe, koma zimene zinachitika pansi pa mango anaiwala. Ine ndinalipo, ndipo ndi ine ndinawerenga. Lusiya watsala ndi ana anayi pakhomo paja, ndipo zitumbuwa akugulitsa ndi iyeyo tsopano. Chonde abale anga, likumbukireni banja limeneli m'mapemphero anu, kuti adzukulu a Nambewe akule akutchula dzina la agogo awo mosachita manyazi.