Manotsi Asanu ndi Kholingo la Achimwene

Ku koleji ndinakhalako teremu imodzi, kenako ine ndi kolejiyo tinasiyana mwaulemu, popanda wolira. Ndinatulukako ndi chinthu chimodzi chokha. Mphunzitsi wa nyimbo anatiuza kuti munthu aliyense amabadwa ndi manotsi asanu pakhosi: do, re, mi, so, la. Kaya ndi Mchewa, kaya Mtchaina, ukamuyambira nyimbo pa manotsi amenewa amadziwa yekha kumene ikulowera. Fa ndi ti, iye anatero, ndi alendo ochita kuphunziridwa. Ndinakhulupirira zimenezi mpaka pamene ndinayamba kugona chipinda chimodzi ndi Achimwene ku Sunnyside, kuno ku Joni.

Achimwene ndi akulu anga a bere limodzi. Amagwira ntchito ya m'gadeni ndipo maluwa amawamvera. Nyimbo ndiye ayi. Ku Sande sukulu kumudzi, ikakwana nthawi ya kwaya, iwo ankapatsidwa udindo wonyamula mabenchi. Kuno akamayimba posamba, anthu a m'fulati amapita kukaona ngati paipi yaphulika.

Ndiye anapeza mbeta ku Eersterust, mwana wa banja lachimalawi lomwe linakhazikika ku Joni kalekale. Bambo a mtsikanayo, madala obadwira konkuno, Chichewa chawo chinali chitatha ngati sopo, kungotsala "zikomo" ndi "iwe". Koma anali ndi lamulo: wofuna mwana wawo ayimbe kaye nyimbo ya kumudzi pabwalo pawo, monga ankachitira malemu bambo awo. Akalephera si Mmalawi, abwerere. Mnyamata wina anabwezedwapo kale, chonsecho anali ndi galimoto.

"Iwe wa ku koleji," anatero Achimwene, "manotsi ako asanu aja ali pati? Ine ndikufuna mkazi."

Ndinawatsimikizira kuti sayansi ili mbali yawo. Ndinandandalika mabotolo asanu pawindo, lililonse ndi madzi a muyeso wake, n'kumagogoda ndi supuni. Ndikamenya do, Achimwene do. Ndikamenya mi, Achimwene do. Pa la anatsinzina, anatukula chibwano, mitsempha ya pakhosi inatuluka yonse, n'kutulutsa do yemwe uja, koma mokuwa. Patapita masiku ndinawafotokozera zotsatira za kafukufuku wanga: manotsi asanu anabadwa nawo ndithu, kungoti anayi anabwezedwa pa boda chifukwa analibe mapepala.

Loweruka lake tinakwera takisi limodzi ndi mkulu wa mpingo amene anatiyimira ngati nkhoswe. Alamu, mbeta ija, anatilandira maso ali pansi, poti mawu a bwenzi lawo ankawadziwa. Madala anakhala pampando pansi pa mtengo wa mapichesi, azimayi pakhonde. Zokambirana zitatha, madala analoza Achimwene ndi ndodo.

Achimwene anaimirira, anavula chipewa, n'kuyamba nyimbo ya pamtondo imene amayi athu ankaikonda, poti ndi yokhayo imene ankaidziwa mawu onse. Mawuwo analondoladi. Koma nyimbo inangoyenda mowongoka, yopanda chitunda, yopanda chigwa. Galu wa pakhomopo ananyamuka n'kupita kuseri.

Tsono nyimbo za pamtondo zili ndi khalidwe lake: woyambitsa akafika kumapeto kwa mzere amasiya mpata kuti ena avomere. Achimwene anausiya mpatawo. Kunangoti zii. Do uja anatsala lendelende ngati malaya oiwalika pachingwe, ndipo ndinaona madala akuvutika naye. Kenako, mosafuna, anang'ung'udza yankho, kutsika bwinobwino kuchoka pa la, kudzera pa so, mpaka pansi, nyimbo yoti sanaimvepo chibadwire. Azimayi a pakhonde anailandira pomwepo. Mayi wina wachipedi, mbadwa ya dziko lino, woyandikana nawo, amene ankayanika zovala, anaponyamo mawu ake kudzera pampanda, osadziwa n'komwe kuti tikuyimba za chiyani. Achimwene anapitiriza ndi do wawo pansi pa onsewo, mokhulupirika, ngati jenereta.

Itatha nyimbo, madala anapukuta m'maso n'kuyamba kulankhula mosakaniza Chizulu ndi Chingerezi, alamu, amene Chichewa anachiphunzira kwa amayi awo, akumasulira. Anati malemu bambo awo ankayimba chonchi ndendende, moipa mosasimbika, ndipo banja lonse linaphunzira kuyimba pofuna kuwaphimba. Anati mawu oterewa anawasowa zaka zambiri, ndipo munthu sangachite kuwayeserera.

"Eish, mkamwini, mtenge," anatero. "Koma pa ukwati, wena, udzangonyamula mipando."

Achimwene anawomba m'manja mwaulemu, n'kuyankha kuti ntchito imeneyo anaiyamba ali mwana.