Pensulo ya m'mphepete mwa pepala

Ntchito yanga yoyamba kuno kudziko la eni anandipezera ndi a Tembo, bambo a ku Chipata amene timapemphera nawo ku Scarborough. Iwo ankayendetsa vani ya shopu ina ya ku Etobicoke yoika zithunzi m'mafelemu. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi anandifunsa, "Achimwene, manja anu sanjenjemera?" Ndinati ayi. "Ndiye Lolemba mubwere. Koma pakamwapo mukatseke, ndimakudziwani."

Ankandidziwadi. Ndinakulira pa benchi ya kaunjika ku Limbe, ndipo ndinkatha kugulitsa jekete laubweya mu Okutobala, wogulayo n'kundithokoza.

Mwini shopu anali mayi wachikulire, Mayi Irena. Anandiphunzitsa kuvala magolovesi ndisanagwire pepala, kudula katoni yozungulira chithunzi ndi mpeni wopendekeka motsata rula yachitsulo, ndi kupukuta galasi mbali zonse ziwiri. Selotepi inali yoletsedwa. Chithunzi tinkachimata pamwamba pokha, ndi timapepala topyapyala ndi phala la tirigu, kuti mawa wina akhoze kuchimatula osachipweteka.

Miyezi imeneyo sindinkamva kanthu. Basi, sitima yapansi pa nthaka, basi inanso, madzulo chimodzimodzi. Kunja kuzizira, m'kati kutentha, ine pakati. Zithunzi zinkangodutsa m'manja mwanga ngati mabelo. Mukanandifunsa kuti ndaona chiyani tsiku limenelo, ndikanakuuzani miyezo yokha.

Ndiye kunabwera bambo wina wokalamba, a Novak, atanyamula chithunzi m'felemu yothyoka pakona. Chinali cha mayi wovala chipewa atakhala m'munda, mizere yakuda yokhayokha, ngati wojambulayo anaitanidwa asanamalize. Atapita, Mayi Irena anandiitana. Anati ichi ndi lithogalafu: munthu amajambula pamwala wosalala ndi choko chamafuta, amanyowetsa mwalawo, inki n'kugwira pamafuta pokha, kenako amadinda papepala. Wojambulayo anali Mfalansa wakale, wa gulu lija linkajambulira panja kuthamangitsa kuwala kwa dzuwa. Ali mnyamata ankamukana ku zionetsero, ati ntchito yake ndi yosamalizidwa. Zapamwalazi anazichita atakalamba, anthu omwewo atayamba kumupembedza.

"Ndiye ndi fotokope ya mwala," ndinatero. Sanaseke.

Anandiuza kuti ndichitulutse m'felemu, ndichotse fumbi ndi burashi yofewa, ndidikire. Iwo anapita kwa dokotala wa mano.

M'munsi mwa pepalalo, m'mphepete moyera, munali zolemba za pensulo m'chiyankhulo chomwe sindichidziwa. Pa kaunjika, chinthu choyamba ukamasula belo ndi kuchotsa mwini wakale: dzina la pakolala, kamtengo kakale, chilichonse chokumbutsa wogula kuti wina anavalapo. Sindinaganize n'komwe. Ndinatenga labala m'dirowa, ndinafufuta pang'onopang'ono, n'kuuzirapo. Panayera bwino. Kunena zoona, ndiyo ntchito yaukhondo kuposa zonse zomwe ndinagwira chaka chimenecho.

Mayi Irena atabwerera anayang'ana nthawi yaitali, tsaya lili lotupa. "Ndinati fumbi," anatero. Dzina la wojambula linalipobe, popeza linadindidwa ndi mwala. Anaimbira a Novak, kenako anandiuza kuti ndiwafotokozere ndekha, ndipo zoti ndikhalabe pantchito kapena ayi tiona akapita. Ntchito ina ndinalibe. Ndinadikira kuti mantha abwere, koma sanabwere. Ndinapita kukadya buledi wanga kuseri.

A Novak anafika masana a tsiku lotsatira. Pakamwa panga panatseguka pokha. Felemu ikhale yaulere, bwana. Galasi tiika lija losatha msanga, ndi kunyumba tidzakuperekerani. Ndinkadikira kuti anene zawo, ine ndiwonjezere pang'ono, tikumane pakati. Iwo ananyamula pepalalo kupita nalo pawindo, n'kulipendeketsa, kufunafuna timizere tomwe pensulo imasiya.

"Bambo anga analemba apa tsiku lomwe anachigula, ndi dzina la amayi," anatero osatembenuka. "Makalata awo onse anatayika posamuka. Zolemba za dzanja lawo zinatsala pano pokha."

Ndinati pepani.

"Felemu yakale inkaphimba mbali ina. Sindinaonepo zonse. Panali mizere ingati?"

Ndinali nditaigwira, nditaiweramira, nditaiuzira. Iwiri? Itatu? Ndinatsala pang'ono kunena nambala iliyonse, monga ndinkachitira munthu akafunsa saizi. Ndinati sindikudziwa.

Anagwedeza mutu, anaika chithunzicho mu foda yakatoni, n'kutuluka nacho chopanda felemu.

Mayi Irena sanandichotse. Anandiika pa magalasi mpaka chisanu chinatha, osagwira pepala ngakhale limodzi. A Tembo pondiperekeza tsiku lomwe a Novak anatenga chithunzi chawo anangoti, "Ine ndinkaopa pakamwa panu, achimwene."

Pano ndili ndi tebulo langa. Pepala likafika, ndisanagwire n'komwe burashi, ndimaliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, ndimalijambula pafoni, ndipo chilichonse cholembedwapo ndimachikopera m'kabuku, ngakhale sindikuchimva. Banga ndimafunsa kaye kuti ndi la ndani. Funso la a Novak ndikhoza kuliyankha pa chithunzi chilichonse chomwe chadutsa m'manja mwanga kuyambira pamenepo, kupatula chawo.