Malaya Anga Anafika Kumudzi Ine Ndisanafike

Anandipeza Loweruka Loyera m'mawa ndikusesa pakhomo pa tchalitchi. Anali amuna awiri ovala wamba. "Akukufunani ku Boma, bambo. Mubwerako pompano." Tsache ndinalitsamiritsa kukhoma bwinobwino, ngati munthu wobweradi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Tchalitchi chathu chili m'malire, ndipo Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera inkadutsa m'minda ya ku Zambia n'kubwerera, poti akhristu athu ena ndi a tsidya ilo. Chaka chimenecho mtanda ndinasenza ine. Nditagwa nawo monga mwa mwambo, munthu anatuluka m'chimanga kudzandithandiza. Anali achimwene anga, amene anathawa boma likuwafuna. Anabwera kudzangoona amayi, amene anali m'gulu la anthu. Wina anawazindikira.

"Mkulu wako amagona mudzi uti kutsidyako?" Funso linali lomwelo, kupolisi mpaka kundende. Ndinkati sindikudziwa. Zimene zinkatsatira yankho limenelo sindilemba. Dzanja langa lamanzere silifumbata mpaka lero.

Mvula itayamba, wofunsa uja anandivula malaya, nawapinda mwaulemu patebulo. "Awa tikutumiza kwanu. Ukudziwa chimene amayi ako akaganize. Tchula mudziwo, upite nawo wekha utavala."

Ndinkadziwa. Masiku amenewo boma likabweza zovala, ndiye kuti munthu wapita. Amayi anali odwala mtima. Ndikanatchula mudziwo, achimwene akanawatenga sabata yomweyo, chifukwa malire aja sankaletsa anthu amenewa. Ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse la zibonga, lilime linafuna kuyenda ndithu. Ndinangoyang'ana malayawo mpaka anatuluka nawo.

Ananditulutsa patapita zaka, Sabata Loyera. Msilikali wa pachipata anati, "Pita. Sunaone kanthu kuno."

Kumudzi ndinafika Lamulungu la Pasaka, anthu akutuluka m'tchalitchi. Azimayi ena anathawa, nsalu zikukwekwereka. Mkazi wanga anatapa dothi n'kundiwaza pachifuwa kuti aone ngati ndine mzukwa. Dothilo litandimata, anakhala pansi osalira.

"Amayi ali kuti?" ndinafunsa.

Amalume anayankha kuti, "Tiye, mphwanga."

Kumanda kunali mitumbira iwiri yoyandikana. Woyamba unali wanga: anaikamo thunthu la nthochi atalikulunga m'malaya aja. Wachiwiri unali wa amayi. Sanafike nthawi yokolola chaka chimenecho.

Achimwene ali moyo, ali ndi zidzukulu kutsidya komweko. Ufulu ndinaupeza, ndimayenda pamsewu osacheuka. Koma anthu akamati ndinauka kwa akufa, ndimakana. Ine ndinangotuluka m'ndende, ndipo m'manda mwanga muli nthochi. Pasaka aliyense, misa ikatha, ndimakaima pa mtumbira winawo. Ngati Khristu sanaukedi, amayi sadzadziwa kuti mwana wawo anabwera. N'chifukwa chake ndimaimba Aleluya mokweza chonchi, ngakhale mawu anga ndi oipa.