Tsiku Limene Ndinatseka Nsomba M'malo mwa Zomba

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi anga, amene ankaphunzitsa ku Mangochi. Anamva kutchalitchi kuti koleji ina ikufuna wothandiza m'chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu osunga zinthu za kolejiyo, ndipo anandikankhira komweko satifiketi yanga isanapole. Akolejiwo ananditenga mongondiyesa: ndikalakwitsa, ulendo wa kwathu.

Abwana anga anali Che Bwanali, Myao wa ku Namwera, munthu woseka ndi mapewa omwe. Chichewa chawo chinalibe "z". M'mawa uliwonse ndikawapatsa makiyi ankati "sikomo, mwanangu," ndipo ine ndinkaseka chamumtima.

Ndinafika nthawi yosintha netiweki yolumikiza makompyuta onse a pakolejipo. Kale siwichi iliyonse, kabokosi kolumikizirapo makompyuta, tinkaipitira ndi laputopu ndi kebulo, n'kuilembera malamulo payokha. Tsopano tinkasamutsira zonse ku kontirola, pulogalamu imodzi yolamula masiwichi onse uli khale pampando. "Ameneyu ndi kapitawo," iwo ankatero. "Ukamunamisa, onse amvera bodsa lomwelo."

Pa kontirolayo njira iliyonse inali ndi dzina. Ina inali Zomba, yopita ku seva yakutali kumene tinkasungako makope a zinthu zathu. Ina inali Nsomba, ya labu ya ophunzira za usodzi.

Tsiku lina ophunzirawo ankalemba mayeso pa makompyuta, netiweki n'kuyamba kukwawa. Che Bwanali anali ku nyumba ina akukonza kebulo. Anaona kuti makope opita ku Zomba ndi amene adzaza njira, ndipo anandiimbira foni ali wefuwefu.

"Tseka Somba msanga, ana akuvutika!"

Ine kufuna kuonetsa changu, sindinafunse. Ndinadina Nsomba. Labu yonse inangoti zii, mayeso ali pakati. Ndinazindikira nditamva phokoso la ophunzira pakhonde, ndipo ndinatsegula njirayo msanga, n'kutseka ya Zomba. Mayankho anabwerera, kupatula funso limene aliyense ankalemba.

Posakhalitsa anatulukira mayi woyang'anira mayeso, nkhope ili gwa. "Wadina ndani?"

Ndinadziwa kuti yanga yathera pomwepo. Ndisanatsegule pakamwa, Che Bwanali analowa thukuta lili kamukamu.

"Amayi, mwanayu wadina chimene ndanena. Lilime ndi langa, ndinabadwa nalo ku Namwera. Mukachotsa munthu, muchotse ine."

Mayiwo anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika. Anaseka, n'kupita kukawaonjezera ophunzira nthawi.

Titatsala awiri, Che Bwanali sanandikalipire. Anangoti, "Kuyambira lero, ndikakutuma usibweresa mawu anga usanadine. Ngakhale undiseke, bola ubwerese."

Mpaka lero sindidina kanthu ndisanabwereze zimene ndamva, ndipo anzanga amati ndine wochedwa. Ndimakumbukira bambo amene anadziika pamoto chifukwa cha mwana wa eni, ndipo ndimawasowa kwambiri.