Gligor ndi Kiyi wa Chipinda cha Pingipongo

Gligor Moțoc anakalambira pa thirakitala, ndipo atapuma ntchito anadzipezera ina yopanda malipiro: kukana. Mumpingo wa Baptist wa m'mudzi mwawo, kufupi ndi mzinda wa Arad, anakana gitala, anakana makatani, anakananso maluwa a paguwa ati amaitana njuchi. Anthu ankamukonda ndithu, poti denga la tchalitchi likadontha woyamba kukwera anali iye. Koma pamsonkhano akangokweza dzanja, amayi ankatulutsa zoluka zawo, podziwa kuti kunyumba sabwerera msanga.

Kenaka kunabwera Abusa Emanuil, munthu wa ndevu zongomera kumene, ndi ganizo loti mpingo ugule tebulo la pingipongo, masewera omenyerana kampira, achinyamata azisewera m'chipinda cha kuseri m'malo momangokhala kumalo omwera mowa.

"Chopereka cha Ambuye kugulira kampira?" Gligor anadzambatuka. "Abusa, tatiuzani, ndi mtumwi uti anamenyapo mpira?"

"Nanga inu, Mbale Gligor," anatero Floarea, mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa, maso ali pa zoluka, "ndi mtumwi uti ankakhalira khushoni ngati yanuyo?"

"Iyi ndi ya msana, Mlongo, si ya chisangalalo!"

Mkangano unatha dzinja lonse. Ena ankati mpingo si bwalo la masewera, mwana wobwerera mpira adzachokeranso mpira. Ena ankati ana athera ku Italy ndi ku Spain, otsalawa tiwagwire ndi chilichonse. Pomaliza abusa, amene anali ochenjera kuposa msinkhu wawo, anati: "Tigule, koma kiyi asunge Mbale Gligor, kuti tchimo lisalowe."

Apa Gligor anasowa chokana.

Anaika malamulo ake. Wofuna kusewera ayambe wanena vesi pamtima. Kukuwa ayi. Anyamata tsiku lawo, atsikana lawo. Iye ankakhala pakona, nkhope ili ndwii ngati wamwa mankhwala owawa, koma mutu wokha ukutsatira kampira uku ndi uku.

Loweruka lina Floarea anabweretsera achinyamata zitumbuwa za tchizi, n'kumupeza mutu ukugwedera choncho.

"Khosi lithyoka, bambo inu. Tagwirani kathabwa komenyerako. Kapena mukuopa kugonja kwa nkhalamba ya chikazi?"

"Ndigwira," anatero Gligor, "kuti ndidzionere ndekha kuipa kwake."

Floarea anamukwapula osamumvera chisoni. Gligor anapukuta thukuta nati kuipako sanakuonetsetse, abwerezenso.

Pofika nyengo yokolola mphesa, chipinda chija chinali cha okalamba. Madikoni ankabwera atabisa nsapato zothamangira m'matumba. Achinyamata akafika ndi mavesi awo ankauzidwa kuti vesilo lafupika, akaloweze lina. Gligor kampira kakamudutsa ankangoti "Katuluka!" ndipo panalibe wotsutsa mkulu wa mpingo, kupatula Floarea, amene ankamuuza kuti bodza ndi tchimo ngakhale patebulo.

Achinyamata anakadandaula kwa abusa. Pamsonkhano Gligor anapempha, nkhope ili gwa, kuti mpingo ugule tebulo lachiwiri, poti nayonso mizimu ya okalamba imafuna chisamaliro. Mpingo unakana, unamulanda kiyi, n'kupatsa okalamba Lachiwiri m'mawa basi.

Lachiwiri lokha silinamukwane. Anazula chitseko chakale cha khola, anachipala, anachipaka utoto wobiriwira, n'kuchiika m'shedi mwake kuti chikhale tebulo. Floarea ankabwera masana aliwonse. Tsono Gligor anali atafedwa mkazi kalekale, ndipo anthu odutsa ankamva anthu awiri amasiye ali wefuwefu m'shedi yotseka, wina akukuwa kuti "Tibwerezenso!" Nkhani inawanda mudzi wonse.

Abusa anabwera, manyazi atawagwira mpaka m'makutu.

"Mbale, Mlongo, anthu akulankhula. Muzitsegulako chitseko."

"Mphepo iziulutsa kampira," anatero Gligor.

"Ndiye mwina... mungokwatirana."

Gligor anatsegula pakamwa kuti akane, koma Floarea anamutsogolera: "Ameneyu? Chabwino, bola asiye kubera."

Anakwatirana chipale chofewa chisanayambe kugwa, ndipo achinyamata anaimba ndi gitala Gligor akungoyang'ana kudenga. Mpaka lero amasewera m'shedi muja. Gligor anapambanapo kamodzi, tsiku limene Floarea anaiwala magalasi, ndipo aliyense wobwera kudzabwereka makwerero amayamba wamva nkhani ya tsiku limenelo.