Utuchi wa Pakati pa Mpando

Pafakitale ina ya zinthu zapulasitiki onse ankangowatchula kuti a Chikhatho, ndipo iwo ankavomera. Ntchito yawo inali yosema mapatani, zitsanzo zamtengo zimene amisiri azitsulo amayezerapo akafuna kupanga chikombole cha beseni, ndowa kapena mpando. Akamaliza kusema sankadalira maso. Ankatsinzina n'kuyendetsa chikhatho pathabwapo pang'onopang'ono, ngati mayi amene akufuna kudziwa ngati mwana watentha thupi. Pamene ena onse ankati pasalala, iwo ankaima n'kunena kuti, "Apa pali kanthu," ndipo kanthuko kankapezekadi. Anagwira choncho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, osadwalapo Lolemba ngakhale limodzi.

Chimene ankachinyadira koposa sanachisemere fakitale. Akazi awo anavutika ndi msana zaka zitatu zomaliza za moyo wawo, ndipo m'nyumbamo munalibe mpando umene ankakhalapo mphindi khumi osabuula. A Chikhatho anamatiza matabwa okhuthala n'kuyamba kusema pakhonde Loweruka lililonse. Akasema pang'ono ankaitana.

"Mayi, takhalanipo."

"Apa pakundibaya, bambo."

Iwo n'kuchonga ndi choko, n'kupala. Zinatenga miyezi inayi. Pomalizira penipeni, poti mayiwo anali atawonda mpaka mafupa a msana kumawerengeka, anasema kangalande kopita pakati pa choyedzamiracho kuchokera pamwamba mpaka pansi, kakakulu ngati chala chimodzi basi. Tsiku limenelo mayiwo anakhalapo n'kugona tulo masanasana, kukamwa kuli yasa. A Chikhatho anaika tchizulo pansi mwakachetechete, ndipo mpandowo sanaukhudzenso ndi chitsulo.

Patatha chaka mayiwo atamwalira, kunabwera mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono. Ameneyu anali munthu amene a Chikhatho omwewo anamupemphera ntchito pafakitalepo, nthawi imene ankangoyendayenda ndi satifiketi m'envelopu. Tsopano anali atakwera n'kukhala manijala, tayi pakhosi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo anali atagulitsa mwini fakitale maganizo akuti zonse zizijambulidwa pakompyuta.

"Alamu, tibwerekeniko mpando uja sabata imodzi," iye anatero. "Tingouyeza basi. Anthu ambiri athandizika nawo."

Lachitatu lake a Chikhatho anamva macheka a makina akulira m'chipinda chocheka matabwa kufakitale kuja, ndipo fungo limene linatuluka analidziwa. Atalowa anapeza mpando uja audula pakati. Poti anadula mokhota, m'mphepetemo anali atapalamo pamakina kuti muwongoke. Theka limodzi anali atalichekacheka ngati buledi, zidutswa khumi ndi zisanu ndi zinayi, chilichonse ndi nambala yake. Theka linalo anatchingira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse.

"Musadandaule, alamu," anatero mlamu uja, akupukuta utuchi pa tayi. "Tikufuna tione mmene wapindikira m'katimu. Kompyuta imangofuna theka, linalo imadzipangira yokha ngati pagalasi. Ndi thabwa chabe limeneli."

A Chikhatho anawerama n'kutola chidutswa chimodzi. Mwina kuwerama kwawoko n'kumene kunamupatsa mphamvu mlamu uja, chifukwa anatembenukira antchito amene anasonkhana pakhomo n'kukweza mawu.

"Nthawi yopapasa matabwa ngati tili mumdima inatha, anthu inu!"

Ena anaseka, poti bwana akanena nthabwala imakoma. Pakutha pa mwezi a Chikhatho analandira kalata yowathokoza chifukwa cha ntchito yawo n'kuwauza kuti yatha, ndipo pakutha pa chaka mpando wapulasitiki unatuluka, chithunzi cha mlamu uja chili pakapepala kotsatsa malonda monga mwini luso.

Tisanamizane, a Chikhatho sanapite kukaphunzira kompyuta chifukwa chokonda sukulu. Anapita ndi chidani. Ankadzuka nacho, kudya nacho, ndipo akaona pakhonde pamene pankakhala mpando paja chinkakulirakulira. Iwo ankafuna chinthu chimodzi: tsiku lina munthu wa tayi uja adzaime pamaso pa antchito omwe aja n'kunena ndi pakamwa pake amene anasema mpandowo, ndiponso kuti anausemera ndani.

Sukulu yake inali chipinda chapamwamba pa sitolo ya zipangizo za galimoto. Munali makompyuta khumi ndi awiri ndi fani yomwe inkagwedera ngati igwa mawa. Mphunzitsi anali mayi wa msinkhu wa mwana wawo, wosachedwa kupsa mtima.

"Bambo, mausi si tchizulo," ankatero. "Musaikankhe ndi phewa lonse, muthyola tebulo."

Mabokosi ndi mapaipi anazigwira msanga, poti zimenezo ndi manambala chabe. Mavuto anayamba atafika pa zopindika, zija zopanda ngodya monga msana wa mpando kapena mimba ya ketulo. Pakompyutapo mzere wopindika umakokedwa ndi timadontho tokhala pambali pake: ukasuntha kadontho, mzere umatsatira ngati ng'ombe yapachingwe. Ukajambula mizere ingapo, makinawo amayala chikopa pamwamba pake, n'kukhala chinthu. A Chikhatho, pofuna kuti mzere uwamvere, anaika timadontho makumi anayi. Mphunzitsi anafika, n'kufufuta, n'kusiya tisanu.

"Madontho akachuluka amabala mabampu, bambo."

Iwo anayang'ana mzerewo, uli myaa, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira m'chipindamo. Zimenezi ankazidziwa kale. Wopala thabwa modukizadukiza amasiya mabala, wodziwa amakoka dzanja ulendo umodzi wautali.

Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti chinthucho sankatha kuchigwira. Ankaiwala n'kuyendetsa chikhatho pasikirini, maso ali chitsinzinire, anzawo a m'kalasi n'kumatsinana. Tsiku lina mphunzitsi atatopa ndi kupukuta zala zawo pagalasipo, anadina penapake, ndipo chojambula chawo chonse chinavala mizere yakuda ndi yoyera ngati mbidzi.

"Chikhatho cha kompyuta ndi chimenechi," anatero. "Mizere ikamayenda osaduka, ndiye kuti pasalala. Ikathyoka, pali kanthu."

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri anajambula theka la mpando n'kuuza kompyuta kuti ipange linalo, monga ananenera mlamu uja. Pamaso unkaoneka bwino. Atauveka mizere ya mbidzi, mizere yonse inathyokera pakati, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Onse amalakwitsa pomwepa," anatero mphunzitsi. "Theka lanu lafika pakati likukwerabe. Ndiye linzake nalo likubwera likukwera, akumana ngati denga la nyumba. Maso sangaone, koma pali kamtumbira."

M'mutu mwa a Chikhatho munalira macheka aja. Macheka amadya thabwa, makina opalira anadyanso, ndipo chimene anadya ndi pakati penipeni, kangalande kaja ka chala chimodzi. Chimene mlamu anayeza chinali theka lopanda ngalande, lofika m'mphepete likukwera. Sanadikire kuti kalasi ithe. Anatsika masitepe, kuwoloka msewu, kulowa m'sitolo ya mipando, n'kutsinzina akuyendetsa dzanja pa mpando wapulasitiki wa mlamu wawo. Chikhatho chinaima pakati. Anaseka mokweza mpaka mwini sitolo anabwera kudzafunsa ngati ali bwinobwino. Iwo anagula mpando umodzi n'kupita nawo kunyumba pamutu.

Akanatha kukamutsina khutu mlamu uja. Ankadziwa kuti mlongo wawo ndi ana ake amadya za ntchito yomweyo, ndipo zimenezi zinawavutitsa masiku awiri. Tsiku lachitatu anasiya kuvutika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwo anadekha chaka china chathunthu, akujambula mpando wawo kufakitale ina yaing'ono ya kutsidya kwa njanji imene inawalemba ntchito.

Mwayi unabwera pamene chipatala china chinafuna mipando yambirimbiri ya m'chipinda chodikirira odwala. Mafakitale awiriwo anaitanidwa tsiku limodzi. Mlamu anafika ndi lole, n'kutsitsa mipando khumi yonyezimira. A Chikhatho anafika ndi umodzi, wokulunga m'chinsalu.

"Pepani, mayi," iwo anauza mayi woyang'anira chipatalacho, "ine ndabwera ndi umodzi wokha. Bwanji nonse mukhale pa ya alamu angayi pamene ndikufotokoza? Alamu, inunso khalani kutsogolo kuno."

Mlamu anavomera mano onse ali pamtunda. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Munthu amene zaka zonse zija ankangonena mawu atatu patsiku, tsiku limenelo analankhula mphindi makumi asanu. Anafotokoza za mitundu ya matabwa. Anafotokoza mmene pulasitiki imakhwinyatira ikamazizira. Akafika pamapeto ankati, "Koma ndaiwala chimodzi," n'kubwerera kumayambiriro. Pofika mphindi makumi awiri dokotala wina anayamba kusuntha. Kenaka namwino anakhalira mbali imodzi. Mayi woyang'anira uja analowetsa dzanja kumsana n'kumadzisisita. Mlamu yekha ndiye anakhala chiwongokere, thukuta lili kamukamu, chifukwa kusuntha kukanakhala kuvomera. A Chikhatho ankamuyang'ana iyeyo polankhula, ndipo zinkawakomera, zinkawakomera kwambiri.

Atakhutira anatulutsa lula yachitsulo m'thumba, n'kupempha namwino kuti aimirire. Anaika lulayo mopingasa pa choyedzamira. Inangoti gwedegwede, itakwera pa kamtumbira kaja.

"Chimene chikukubayani ndi ichi," iwo anatero. "Tsopano takhalani apa, mayi."

Mayiyo anakhala pa mpando wa m'chinsalu uja, n'kupuma mpweya wautali.

"Odwala athu amadikira maola atatu," anatero, akuyang'ana mlamu. "Mumafuna tiziwachiritsa matenda awiri?"

Nkhani inafika kwa mwini fakitale lole isanabwerere. Mawu ake anali achidule: chikombole chikonzedwe, ndipo wokonza akhale a Chikhatho, apo ayi manijala alongedze. Lamlungu masana mlamu anafika kunyumba kwa a Chikhatho wopanda tayi, mkazi wake ali pambuyo. Ananyamula theka lija la pachitseko, lodetsedwa ndi nsapato za zaka ziwiri, ndi thumba la zidutswa zamanambala.

"Khalani, alamu," anatero a Chikhatho, akumukankhira mpando uja anagula kusitolo. Anausungira tsiku lomweli.

"Achimwene, tabwera kudzagwada," anatero mlongo wawo. "Ana ali pasukulu."

"Sindikufuna maondo ake, mlongo wanga. Ndikufuna pakamwa pake."

Lolemba m'mawa antchito anasonkhana pakhomo pa chipinda chocheka matabwa chija. Mlamu anaima pakati, n'kunena kuti mpandowo sanaupange iye, anausema ndi a Chikhatho, kusemera akazi awo odwala, ndipo iye anaubwereka n'kuucheka. Ananena motsitsa mawu.

"Akumbuyoko sanamve," anatero a Chikhatho.

Anabwereza. Palibe anaseka. Atatero a Chikhatho anakhala pakompyuta ya mlamu yemweyo, anasuntha timadontho titatu, ndipo mizere ya mbidzi inayenda osaduka. Ntchito yonse sinakwane ola.

Loweruka lotsatira anayala zidutswa zija pakhonde n'kuzimata motsata manambala. Atamaliza anagundanitsa matheka awiriwo. Sanakumane. Pakati panatsala mpata wa chala chimodzi, kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pansi pa khonde pankaonekera. Ngalande ya pakompyuta anali ataijambula bwino, yokwanira msana wa munthu aliyense, koma iyi inali ya msana umodzi wokha, ndipo sanaiyezepo ndi lula. Anatsinzina n'kuyendetsa chikhatho. Chitafika pakati chinagwera m'mpatamo.

Mlongo wawo anawapeza ali chomwecho. Anawayandikira n'kufunsa.

"Achimwene, mlamu wanu wanena zonse munkafuna zija. Mwamukhululukira tsopano?"

A Chikhatho sanatsegule maso.

"Ukamuuze kuti zidutswa ndalandira," iwo anatero. "Abweretse utuchi."