Tsiku limene Fumbani sanalowe m'nyumba

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Unali mwezi wa Juni, chisanu cha kwathu ku Mphamba chikulowa mpaka m'mafupa. Azibambo anali atazinga moto, mitu ili m'majekete. Kuseri azimayi ankasonkha nkhuni pansi pa migolo ya madzi. Nyimbo panalibe. Usiku wonse anthu ankangonong'onezana, chifukwa mlongo wanga Fumbani anadzipha yekha ku yunivesite ku Lusaka.

Dzuwa likutuluka anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena pa ngolo. Ambiri sankadziwa n'komwe dzina lake lenileni. Chipitireni kusukulu mudzi wonse unkamutcha Injiniya, ndipo aliyense anali atamuikiratu ntchito: mlatho, mjigo, nyumba ya malata. Nafenso kwathu tinkatero.

Bokosi linabwera pa lole, pamodzi ndi anzake a kusukulu. Mmodzi wa iwo, wowonda, anandikokera pambali. Anati Fumbani analephera mayeso kawiri, anasiya kugona, kenako anasiya kudya ndi kutuluka m'chipinda. Akamuuza kuti aimbe foni kumudzi, ankayankha kuti, “Nizabauza chani? Bonse bayembekeza ine.”  Tinamusenzetsa mudzi wonse mwana mmodzi yekha.

Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wawo alowe m'nyumba komaliza. Abambo aakulu, mkulu wake wa malemu bambo athu, anakana. Anati wofa imfa yotere salowa m'nyumba, angasiyemo tsoka. Bokosi linaikidwa pansi pa mtengo wa mango, pa fumbi, ngati thumba la chimanga loyembekeza galimoto.

Amayi sanakangane nawo. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula mpando. Anabwereranso, n'kutuluka ndi bulangete la Fumbani. Nditazindikira kuti ankabweretsa nyumba kwa Fumbani, ndinagwira tebulo, anzake aja n'kundithandiza. Tinatulutsa bedi, mphasa, kabati ya mbale, ngakhale kalendala ya pakhoma, zonse n'kuziika mozungulira bokosi lija. Amayi anakhala kumutu n'kunena kuti, “Wafika pakaya, wafika kwanu, mwana wane.”

Mayi wina wa kumpingo anayambitsa nyimbo. Ena anayang'anana kaye, kenako anavomera. Abambo aakulu anavula chipewa.

Masana tinauyamba wa kumanda, kudutsa m'minda yokolola kale, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga. Anamuika kumphepete, patali ndi bambo athu. Pamenepo sitinapambane, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Madzulo anthu anabalalika, moto unazima. Panalibe amene anali ndi mphamvu zobwezera katundu m'nyumba, choncho tinakhala pa simenti m'chipinda chopanda kanthu, ine ndi amayi. Mphepo itayamba kulowa ndinanyamuka kuti ndikatseke chitseko.

“Leka,” anatero amayi. “Mlongo wako akali panja.”